Ndinapita ku Lusaka ndi Mphini Pachifuwa

Foni imene ndinaidikira miyezi khumi ndi umodzi inandipeza ndili pakhonde, ndikuswa mtedza. Mawu a mzimayi anafunsa ngati ndine Velonika Mbewe wa ku Kasenengwa. Nditavomera anati, "Dzina lanu lafikiridwa, amayi. Mufike kuno ku Lusaka Lachinayi sabata yamawa. Opaleshoni ndi Lolemba lotsatira. Mukapanda kufika malo anu tipatsa wina, odikira ndi ambiri." Ndinanena zikomo katatu konse, foni itaduka kale.

Matenda anga anali a mtima. Dokotala wa ku Chipata anandijambulira papepala kuti mumtima muli tizitseko tinayi timene timatseguka ndi kutseka kuti magazi aziyenda mbali imodzi. Iwo amati mavalavu, monga ija ya pa chubu cha njinga. Kanga kamodzi kanauma n'kupindika, ati chifukwa cha zilonda zapakhosi za paubwana, zija tinkangomwera madzi otentha n'kubwerera kukasewera. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi anayi, koma kuchoka pakhomo kukafika kuchitsime ndinkapuma kanayi. Kugona ndinkagona chokhala, nditatsamira thumba la chimanga. Njira inali imodzi yokha: atsegule chifuwa, achotse kachitseko kakufako, aikepo kachitsulo.

A ku Lusaka anali atandiuziratu zinthu zitatu zoti ndisapite nazo: dzino lowola, kutsokomola, ndi chilonda. "Ngakhale kachilonda ka minga," anatero namwino akundiloza ndi cholembera. Ati tizilombo ta pachilonda timalowa m'magazi n'kukamanga mudzi pa valavu yatsopano. Ine ndine munthu womvera. Mano awiri anandizula ku Chipata, ndipo mwezi wathunthu ndinkaseka dzanja lili pakamwa. Kumaliro ndinaleka kugonako kuopa chimfine, mpaka anthu anayamba kundinena kuti ndayamba matama. Mchere ndinausiya. Mpeni wosendera mbatata ana anga anandilanda. Lamulungu lomaliza ansembe anandidzoza mafuta a odwala, amayi a mphakati wathu anandiimbira mpaka ndinalira. Ndinkaona ngati ndakonzeka.

Koma ndili ndi akulu anga, a Malita. Amandiposa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo amayi athu atamwalira ndi iwo anatilera ine ndi mlongo wathu Eliya. Kolona wopempherera sachoka m'khosi mwawo, komanso palibe muzu m'dambo la kwathu umene saudziwa dzina. Eliyayo anatisiya ali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, miyendo itatupa, akupuma ngati mmene ndinkapumira ine. Anatsirizikira m'ngolo pa njira ya kuchipatala, mutu uli pamiyendo pa a Malita. Nthawi imeneyo palibe amene anatiuza dzina la matendawo.

Madzulo a Lamulungu lomwelo anandiitanira m'nyumba mwawo. Pamphasa panali lezala yatsopano ndi kabotolo ka mankhwala akuda.

"Tseka chitseko, uvule bulauzi," anatero.

"Akulu, achipatala anakaniza chilonda."

"Mphini ndi chilonda? Chilonda chimabwera chokha, izi n'zotsirika. Munda timatsirika, khola la ng'ombe timatsirika. Iwe ukupita kukagona pansi pa mpeni wa anthu osawadziwa n'komwe, upite chimanjamanja?"

"Ansembe andidzoza kale."

"Iwo adzoza kunja, ine ndiika m'kati. Eliya ndinamuperekeza chimanjamanja. Iwe ayi."

Atatchula Eliya mphamvu zotsutsa zinandithera. Koma ndisanamizire akulu okha, mabatani ndinamasula ndekha, chifukwa mpeniwo ndinkauopa kwambiri. Anatema mphini zitatu kumanzere, pamene mtima umamveka kugunda, ndi zina zitatu pakati penipeni pa chifuwa, ati mpeni udzadzera pamenepo. Anapakamo mankhwala akudawo ndi chala chachikulu. "Pofika Lachinayi zikhala zitauma," anatero. "Palibe adzaone."

Matikiti a anthu awiri anadya thumba la mtedza ndi kanthu pamwamba. Bambo a ana anga anatsala kuyang'anira pakhomo, wondiperekeza anali a Malita. Lachiwiri tinakagona kwa msuweni wathu m'tauni ya Chipata, ndipo Lachitatu kusanache bwino tinali kale m'basi. Tinapeza mpando wa anthu atatu. Kuwindo kunali kutakhala kale mayi wina wathupi, wovala chitenje chonyezimira, foni ili kukhutu, akulamula munthu wina za mabokosi a tomato. Ine ndinakhala pakati, akulu kunjira. Mlaliki anakwera n'kutipempherera kuti tisagwere kuphompho, ndipo anafotokoza maphomphowo bwino lomwe mpaka ndinalakalaka akanangokhala chete.

Vuto loyamba ndinalipanga ndekha. Pakati pa mankhwala anga panali kapilitsi kochotsa madzi m'thupi, ndipo m'mawa umenewo ndinakameza mwachizolowezi osaganiza za ulendo. Tisanafike ku Katete ndinali nditapinda kale miyendo. Akulu anakodola kondakitala.

"Mwana wanga, imitsani basi. Mng'ono wangayu ndi wodwala."

"Amayi, iyi si ngolo. Tiima pa Katete."

"Ndiye bweretsa chipewa chakocho."

Basi yonse inaseka, ndipo dalaivala anaimitsa pamalo pamene panali kathengo. Ndinatsika ndi manyazi, koma nditacheuka ndinaona azibambo asanu andi akutsika pambuyo panga, aliyense akuyang'ana kumbali ngati sanafune. Pa Sinda ndinaimitsanso. Pofika ku Petauke kondakitala anali atandipatsa dzina, ati kuthengo ndiko ku ofesi kwanga, ankangofuula kuti, "Amayi a ofesi, pali kalata?" Sindinakwiye. Kukwera masitepe atatu a basi kunkanditengera mpweya wonse, ndipo yemweyo ndi amene ankandikoka dzanja.

Unali mwezi wa Okutobala. Dzuwa litakwera, m'basi munatentha, thukuta linayamba kutsikira pachifuwa, ndipo mphini zinayamba kuyabwa. Poyamba ndinkangosisita pamwamba pa bulauzi. Kenako kuyabwa kunasanduka kuwawa kogunda. Pa Nyimba, pamene anthu anathamangira nthochi, ine ndinalowa kuchimbudzi cholipira n'kumasula mabatani. Za kumanzere zinali zitauma monga ananenera akulu. Koma ziwiri za pakati zinali zitatupa, zitafiira, ndipo imodzi inali ndi mafinya.

Ndinaima momwemo nthawi yaitali, mpaka wina anagogoda. Miyezi khumi ndi umodzi, mano awiri, thumba la mtedza, zonsezo n'kuthera pa timabala tochepa ngati njere za mpunga. Nditabwerera m'basi ndinanong'oneza akulu.

"Zikayabwa ndiye kuti mankhwala alowa," anayankha akusenda nthochi. "Usamachite mantha ndi zilizonse."

Ndinayamba kukonza bodza. Ndinaganiza kuti ndikafika ndikafinya, ndikatsuka ndi madzi amchere, ndikapakapo paudala. Akakafunsa ndikati ndi zotupa za kutentha. Kuchokera pa Nyimba mpaka pa Kacholola ndinkangolibwereza bodzalo mumtima kuti lizolowere pakamwa.

Msewu unayamba kutsika mokhotakhota, makutu anatseka, kenako tinaona mtsinje wa Luangwa uli phee pakati pa mchenga, ndi mlatho wake wolendewera pa zingwe. Kutsidya basi inaima pamsika wa nsomba zouma. Fungo lake linandikumbutsa kuti ndili ndi chaka osalawa mchere. Mayi wa kuwindo uja anagula mulu wa nsomba, madengu awiri ndi mphasa, zonse akutsitsa mtengo mokuwa ngati akukalipira ana. Ndinamuyang'ana mwansanje. Ndinati mumtima, anthu ena Mulungu anawapatsa mpweya wochita kutaya.

Titayamba kukwera mapiri a kutsidya, basi inayamba kulira mwachilendo. Tinamva kununkha kwa mphira wopsa, kenako phokoso loti phwa! Dalaivala anaikokera pambali, kondakitala analumpha kukaika miyala kumatayala, ndipo injini inazima. Kwa kanthawi m'basi monse munali zii, aliyense akudikira kuti wina ayambe kudandaula.

M'kachetechete mmenemo ndinamva wotchi. Tiki, tiki, tiki. Inali pafupi kwambiri ndi khutu langa lakumanzere. Ndinayang'ana pamkono pa mayi uja, panalibe wotchi. Ndinayang'ana m'dengu lake, munali nsomba zokhazokha. Iye anandiona ndikufunafuna ndipo anamwetulira.

"Mukufuna wotchi, amayi? Ili muno." Anagogoda pachifuwa pake ndi chala.

Sindinamvetse. Anagwira mutu wanga ngati wa mwana n'kuutsamiritsa pa bulauzi yake. Ndinamva bwinobwino. Pansi pa mnofu, pansi pa fupa, kanthu kachitsulo kankatseguka n'kutseka, kosafulumira, kosaphonya. Ndinali nditauzidwa za valavu yachitsulo kambirimbiri, ndinali nditaiona papepala, koma mumtima mwanga sindinkakhulupirira kuti munthu angaikidwe chitsulo mumtima n'kudzukanso. Tsopano munthuyo anali pano, akununkha nsomba za pa Luangwa, atangomaliza kukangana ndi wogulitsa mphasa.

"Ndinakuonani kale pa Katete," anatero. "Kapumidwe kameneko ndimakadziwa, ndi miyendo imeneyo. Tsiku lanu la opaleshoni ndi liti?"

"Lolemba," ndinayankha, ndipo misozi inangotuluka yokha.

Kondakitala analengeza kuti lamba wa injini waduka, wina abwera ndi basi yochokera ku Lusaka. Wina atafunsa kuti nthawi yanji, iye anati posachedwa, ndipo tonse tinadziwa kuti titsike tikafune mthunzi. Kumeneko mthunzi ndi wosowa mwezi umenewo, mitengo yonse ili mbulanda. Atatufe tinayala mphasa yatsopano ija pansi pa kamtengo kamodzi kamene kanali ndi masamba, kuseri kwa basi. Nyenje zinkalira ngati zalipidwa. Azibambo anazungulira injini, aliyense akupereka nzeru, ngakhale amene sanagwirepo sipanala chibadwire.

Mayiyo anati ndi amake Gifiti, a ku Nabvutika m'tauni ya Chipata, amagulitsa tomato ndi anyezi. Opaleshoni yawo inachitika zaka zinayi zapitazo, ndipo ulendowu ankapita kukaonedwa monga amachitira nthawi ndi nthawi. Akulu anga ankangowayang'ana chapansipansi. Kenako anafunsa.

"Inu amayi, tiuzeni zoona. Mtima amausoka bwanji uku ukugunda?"

"Saugwira ukugunda, amama. Amauimitsa."

A Malita anachita chizindikiro cha mtanda. "Mtima ukaima si imfa imeneyo?"

"Kwathu kuno ndi imfa. Kumeneko kuli makina, amatenga magazi ako onse n'kumawazungulitsa, amakupumiranso. Mtima umagona phee, iwo n'kumasoka mosathamanga. Wanga anati unaima kupitirira ola. Akamaliza amabwezera magazi, ndiye umadzuka."

"Umadzuka wokha?"

"Wanga unadzuka wokha. Wina amachita kuugwedeza ndi magetsi. Ine ndinafunsa dokotala kuti nthawi yonseyo ndinali kuti? Anaseka, ati zimenezo mukafunse abusa."

Anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti azibambo ali kutali, n'kumasula mabatani. Chipsera chinayambira pansi pa khosi kutsika mpaka pamwamba pa mimba, chowongoka ngati mzere wa m'munda wokoka ndi chingwe. Anati fupa la pachifuwa amalicheka pakati, pomaliza amalimanga ndi waya, ndipo wayayo akadali momwemo. Akulu anatambasula dzanja mosapempha n'kuyendetsa chala pachipseracho kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Kanthuko n'kakakulu bwanji?" anafunsa.

"Ngati chitsekerero cha botolo la kokakola. Basi."

Tinakhala pamenepo maola anayi. Madzi anatha, ana analira, munthu wina wa njinga anatulukira ndi chigubu cha maheu n'kugulitsa chonse nthawi imodzi. Amake Gifiti anandiphunzitsa zambiri zimene mapepala a kuchipatala sananene. Ati ndikadzadzuka ndidzapeza paipi pakhosi, ndisadzaikoke. Ati kutsokomola koyamba kumawawa kuposa kubereka, ndidzakumbatire pilo. Ati masiku oyamba kawotchiko sikagonetsa, koma pambuyo pake ukapanda kukamva ndi pamene umadzidzimuka. Anandionetsa timapilitsi tochepetsa kuundana kwa magazi timene amamwa tsiku lililonse, ndi kabuku kolembamo zoyeza magazi mwezi ndi mwezi.

"Chinanso," anatero akutseka chikwama, "lezala muiwale. Ife a ku Chipata timakonda mphini, mutu ukawawa mphini, mwendo ukawawa mphini. Mukayamba mapilitsi awa, kabala kakang'ono kamakha magazi osaleka."

Ine ndinayang'ana pansi, akulu anayang'ana kumapiri. Amake Gifiti anatiyang'ana tonse awiri, kenako maso awo anaima pa bulauzi yanga, pamene panali kadontho kachikasu pakati pa mabatani.

"Tsegulani," anatero.

Ndinatsegula. Anayang'ana nthawi yaitali osakhudza.

"Mayo ine. Pamzere penipeni. Munatema liti?"

"Lamulungu. Koma ndikatsuka ndi mchere, ndikanena kuti n'zotupa za kutentha. Pofika Lolemba..."

"Amayi, ndimvereni. M'chipinda chimene ndinagona ine munali mzimayi wina, bedi lake loyandikana ndi langa. Anali ndi chithupsa m'khwapa, anabisa kuopa kubwezedwa. Tinkadyera limodzi, ankandiuza za ana ake. Opaleshoni yake inayenda bwino kuposa yanga. Patapita sabata bala linayamba kutuluka madzi, fupa linakana kugwirana. Ine ndinatuluka, iye anatsala. Nditabwera kudzaonedwa koyamba ndinamufunsa, anamwino anangoyang'anana."

"Ndiye mukufuna amubweze?" a Malita analusa. "Mukudziwa mmene tadikirira? Mwana uyu mvula ikubwerayi saimaliza. Inu munachira, lekani anzanu achireko!"

"Ndikufuna achire, n'chifukwa chake ndikunena. Ndani anatema?"

"Ndine. Ndipo ndinatema kuti abwerere wamoyo."

"Ndikudziwa, amama. Abale anganso anafuna kunditema, ndinachita kuthawira kwa aneba. Simunalakwe mtima, mwalakwa malo ndi nthawi. Koma akakabisa, amene akamuphe si dokotala."

Mawu amenewo anagwa ngati mwala m'chitsime. Ndinkayembekeza kuti akulu aimirira n'kuwatukwana, pakuti m'mudzi mwathu palibe amene amawayankha chotero. Koma anangotenga kolona wawo, ananyamuka, n'kukakhala okha pamwala padzuwa, atatifulatira. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma kutsinako kumawawa ndithu.

Lamba anafika dzuwa litapendeka. Injini italira anthu anaombera m'manja ngati kuti dalaivala wabereka mwana. Za Rufunsa ndi Chongwe sindikumbuka kanthu. Ndinali pakati pa anthu awiri osalankhulana, kumanzere kawotchi kakugunda, kumanja mikanda ya kolona ikuyenda, ndipo ine ndinali ndisanasankhe. Kunena zoona, bodza lija linali likadali m'kamwa mwanga. Ndinkaopa kufa ndi bala lowola, koma kubwezedwa ndinkakuopa kwambiri, chifukwa imfa ya kunyumba ndinali nditaiona kale m'ngolo. Tinalowa mu Lusaka magetsi atayaka. Pa siteshoni amake Gifiti anandigwira dzanja nati, "Kawotchi aka n'kabwino, amayi. Mukakalandire ndi thupi loyera." Sitinaonanenso.

M'mawa wa Lachinayi tinafika kuchipatala cha mtima. Anandiyeza sikelo, ananditenga magazi, anayang'ana m'kamwa n'kuyamikira mano. Kenako tinalowa kwa dokotala wa opaleshoni. Ndinkayembekeza mzungu wa imvi, koma ndinapeza mzimayi wa kwathu konkuno, wamng'ono kwa ine, wa timanja tating'ono. Ndinayang'ana timanjato n'kuganiza kuti ndi timeneti timaimitsa mtima wa munthu n'kuudzutsanso. Anandiuza kuti ndimasule bulauzi. Anayang'ana, anakanikiza pambali ndi chala, ine n'kubwerera m'mbuyo ndi ululu.

"Ichi n'chiyani, amayi?"

Ndinatsegula pakamwa. Mpaka lero sindidziwa chimene chikanatuluka, chifukwa mawu anachokera kumbuyo kwanga.

"Ndi mphini, adokotala. Ndinatema ndine, Lamulungu, ndi lezala, n'kupakamo mankhwala a mizu yotentha. Iye anakana, ndinamukakamiza."

Nditacheuka ndinapeza a Malita atagwada pa simenti. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo atagwadira munthu wamng'ono kwa iwo. Anatulutsa kabotolo kaja m'chikwama n'kukaika patebulo. "Ndi aka, mwina mufuna kuona. Ngati pali chilango mundipatse ine. Mwanayu musamubweze kumudzi, kumeneko ndinatayako kale mmodzi."

Dokotala anazungulira tebulo n'kuwadzutsa ndi manja awiri.

"Imirirani, amama. Mwachita bwino kunena. Lolemba sizitheka, pamenepa sindingadutsepo mpeni. Koma kumudzi sabwerera, mtima wake sungapirire ulendo wina. Agona konkuno, tizimubaya jekeseni mpaka khungu liyere, ndiye tidzaona pamene pangapezeke mpata. Sindikulonjeza tsiku."

Lolemba lija ndinaona bambo wina akukankhidwa pa kabedi ka matayala kupita kumene ndikanapita ine. Ndinamupempherera, koma ndisaname, nsanje inalipo. Ndinadikira masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Masiku ena mpweya unkachepa mpaka kundiika chopumira kumaso, ndipo akulu ankakhala pambali pa bedi osadya. Tsiku lililonse namwino akamatsuka mabalawo iwo ankaimirira n'kumayang'anitsitsa, kenako n'kufunsa, "Lero ziliko bwanji?" Mpata unapezeka Lachitatu lina. Anandisambitsa ndi sopo wa mankhwala, anandiletsa kudya, ndinasaina pepala. Chomaliza chimene ndinaona pakhomo la chipinda cha opaleshoni ndi akulu anga ataima, nsapato zanga zili m'manja mwawo.

Za m'katimo sindingafotokoze, ine kunalibe. Ati mtima wanga unaima, n'kudzuka wokha.

Tinabwerera kwathu mvula itayamba, mapiri a ku Luangwa atabiriwira. Ndinakwera masitepe a basi ndekha, pilo ali pachifuwa. Pamsika wa nsomba uja dalaivala anazimitsa injini, anthu onse anatsika, tinatsala awiri. Akulu anasuzumira m'khosi mwa bulauzi yanga, pamene chipsera chatsopano chinadutsa pakati pa timadontho titatu takuda.

"Waona?" anatero. "Wabwerera wamoyo. Mankhwala aja anagwira."

Sindinawatsutse. Ndinangowagwira mutu monga anandigwirira mayi wa ku Nabvutika uja, n'kuutsamiritsa pang'onopang'ono pachifuwa panga. Kuchipatala konse anali akukana kumvetsera, ati zimawachititsa mantha. Tsopano sanakane, duku lawo likundikhudza pachibwano. Tiki, tiki, tiki. Anamvetsera nthawi yaitali, mpaka ndinamva bulauzi ikunyowa.

"Ngati chitsekerero cha botolo," ananong'ona osadzutsa mutu. "Velonika, kanthu kochepa chonchi ndi kamene anasowa Eliya?"

Anthu anayamba kukwera ndi nsomba zawo, kondakitala anawerenga mitu, injini inalira. Akulu sanachotse khutu mpaka tinafika pa Kacholola.